Mmene mungasonkhanitsire mbiri ya dera lanu la m'mphepete mwa mzinda

Anthu ambiri okhala m'madera a m'mphepete mwa mizinda amaganiza kuti kwawoko kulibe mbiri. Mbiri amaiona ngati chinthu cha pakati pa mzinda, kumene kuli zipilala ndi misewu yotchedwa mayina a atsogoleri, kapena cha kumidzi kumene kuli manda a makolo. Dera limene anthu amangogonako n'kulawirira kupita kuntchito limaoneka ngati lilibe chonena. Maganizo amenewa amatitayitsa zambiri, chifukwa mbiri ya dera lotere ndi imene imafufutika msanga kuposa ya kwina kulikonse: anthu amasamuka, nyumba zimagulitsidwa, mipanda imakwera, ndipo gogo amene ankadziwa pamene panali chitsime choyamba amatisiya asanafunsidwe ndi aliyense. Ntchito yosonkhanitsa mbiriyi siifuna digiri. Imafuna kuleza mtima, kope, foni yojambula mawu, ndi anthu atatu kapena anayi amene angagwirizane kuti sadzaisiyira panjira.

Musanagogode pakhomo la munthu aliyense, gwirizanani za malire a dera limene mukufuna kulemba. Zimenezi zimaoneka zapafupi mpaka mutafunsa anthu asanu, pamenepo ndiye mudzaona kuti malire a pa mapu a khonsolo ndi osiyana ndi malire a m'mitima ya anthu. Wina adzati dera limathera pamtsinje, wina adzati pamsewu waukulu, ndipo wina adzakana kuti nyumba za tsidya lija ndi zakwawo ngakhale kuti ana awo amaphunzira sukulu imodzi. Lembani malire onsewo mmene mwawamvera. Kusiyana kwakeko ndi mbali ya mbiri imene mukufunafuna.

Funso loyamba: chinabala derali n'chiyani?

Palibe dera la m'mphepete mwa mzinda limene linangomera ngati bowa. Lililonse lili ndi chimene chinalibala, ndipo mukachidziwa mudzadziwanso kumene zikalata zake zinasungidwa. Ena anabadwa ndi mayendedwe. Njanji ya Metropolitan Railway, imene inatsegulidwa ku London mu 1863, italowera kumpoto chakumadzulo kwa mzindawo, minda ya m'mbali mwake inasanduka nyumba za anthu opita kuntchito pa sitima, ndipo kampani yanjanjiyo inkaitanira anthu yokha kuti akakhale kumeneko. Ena anajambulidwa papepala asanamangidwe. Ebenezer Howard wa ku England anafalitsa mu 1898 maganizo ake a tauni yosakaniza ubwino wa mzinda ndi wa kumudzi, ndipo kuchokera m'maganizo amenewo munatuluka matauni a Letchworth mu 1903 ndi Welwyn Garden City mu 1920. Ena anamangidwa ndi kampani imodzi mofulumira: ku Levittown, m'chigawo cha New York, nyumba zoposa 17,000 zinamangidwa pakati pa 1947 ndi 1951, makamaka chifukwa cha asilikali obwerera ku nkhondo yachiwiri ya dziko lonse amene ankasowa pokhala ndi mabanja awo.

Koma pali madera enanso ambiri amene anthu sanapiteko mwa kufuna kwawo. Kuyambira mu 1955 boma la South Africa linachotsa anthu ku Sophiatown, mumzinda wa Johannesburg, n'kuwatengera ku Meadowlands, kumene lero ndi mbali ya Soweto, ndipo dzina lakuti Soweto, limene linakhazikitsidwa mu 1963, ndi chidule cha mawu akuti South Western Townships. Ku Brazil, dera la Ceilândia pafupi ndi Brasília linayamba mu 1971 pamene boma linasamutsa anthu okhala m'zisakasa, ndipo zilembo zitatu zoyambirira za dzinalo zinachokera ku dzina la ntchito yosamutsayo. M'chaka chomwecho ku Lima, m'dziko la Peru, mabanja osowa malo anapatsidwa mchenga wokhawokha kumwera kwa mzinda, ndipo pamchengapo anamanga Villa El Salvador ndi manja awo.

Zitsanzozi ndazitchula kuti muone kuti dzina lenilenilo la dera lanu likhoza kukhala chikalata choyamba. Funsani kuti linachokera kuti, analitcha ndani, ndipo lisanabwere malowo ankatchedwa chiyani. Funsaninso za mayina osalembedwa, a pamalo okwerera basi, a pamphambano, a bwalo la mpira. Nthawi zambiri mayina amenewa amasunga munthu, mtengo kapena sitolo imene inatha kalekale. Dera lobadwa ndi njanji zikalata zake zili ku kampani yanjanji ndi m'nyuzipepala. Lojambulidwa ndi boma zili ku ofesi yoona za malo ndi mapulani. Lomangidwa ndi anthu eni ake zili m'mabokosi a pansi pa bedi ndi m'makope a makomiti.

Yambani ndi achikulire, ndipo musazengereze

Ngakhale kuti zikalata n'zofunika, ine ndikulangizani kuti muyambe ndi anthu. Pepala likhoza kudikira chaka china, koma munthu wa zaka 85 sitingamulonjeze zimenezo. Ndinaphunzira izi mowawa. Panali mayi wina wokalamba amene anthu onse ankati ndiye anali woyamba kumanga pa mzere wathu, ndipo ndinkangoti ndidzapitako ndikagula chojambulira chabwino. Pamene ndinkachipeza chojambuliracho n'kuti mayiwo atadwala moti sankathanso kuzindikira ana awo. Foni imene ndinali nayo m'thumba nthawi yonseyo ikanakwanira.

Lembani mayina a anthu khumi amene akhala nthawi yaitali m'deralo, ndipo muyambe ndi wamkulu kwambiri. Pitani kaye kukadzidziwitsa popanda kujambula chilichonse. Fotokozani kuti ndinu ndani, mukufuna chiyani, mawuwo adzasungidwa kuti, ndipo adzawamva ndani. Munthu ali ndi ufulu wokana, wopempha kuti dzina lake lisatchulidwe, kapena wonena kuti mbali ina isatuluke iye ali moyo. Akavomera, chilolezocho chilembedwe papepala, kapena achinene ndi pakamwa kumayambiriro kwa kujambula.

Tsiku lojambula, sankhani chipinda chopanda phokoso ndipo pemphani mwaulemu kuti wailesi izimitsidwe. Tsekani netiweki ya foni yojambulirayo kuti isalandire mauthenga, chifukwa kuitana kumodzi kokha kumatha kudula nkhani pamene inali itangoyamba kukoma. Iyikeni patebulo pamwamba pa kansalu kopinda kuti isatole kugunda kwa makapu ndi zala, ndipo ikhale pafupi ndi wolankhulayo kuposa inu. Yambani ndi kutchula tsiku, malo, dzina lanu ndi la amene mukucheza nawo. Zimenezi zimaoneka zazing'ono, koma pakatha zaka khumi palibe adzakumbukire kuti mawu awa ndi a yani.

Kafunsidwe ndiye mtima wa ntchito yonse. Mukanena kuti, "Agogo, tatiuzani mbiri ya dera lino," adzakuyankhani kuti iwo sadziwa mbiri, mukafunse kwa ophunzira. Koma mukafunsa kuti, "Tsiku limene munafika kuno, mutaima pakhomo panu, munkaona chiyani kutsogoloku?" mudzaona maso awo akupita kutali, kenako adzayamba kukuwerengerani mitengo, tchire ndi nyumba zitatu zimene zinalipo. Funsani zinthu zogwirika. Madzi ankatunga kuti, ndipo ankayenda mtunda wotani? Basi yoyamba inkafika pati? Usiku umene magetsi anayaka koyamba anthu anachita chiyani? Mwana akadwala pakati pa usiku, ankagogoda pakhomo la yani? Woyamba kumwalira m'deralo anaikidwa kuti, popeza manda kunalibe? Funso lomalizali ndi lolemera, koma limatsegula nkhani ya mmene alendo osadziwana anasandukira abale.

Zaka musazikakamize. Anthu ambiri sakumbukira kuti msewu unaikidwa tala m'chaka chakutichakuti, koma amakumbukira kuti n'kuti mwana wawo wachiwiri akuyamba kuyenda. Lembani zimenezo, chaka mudzachipeza pambuyo pake pofunsa tsiku lobadwa la mwanayo. Munthu akakhala chete, inunso khalani chete. Achinyamata ambiri amaopa kachetechete, ndipo amathamangira funso lina pomwe mkuluyo anali akusanthula m'mtima ngati anene chinthu chimene sananenepo kwa aliyense. Ola limodzi ndi lokwana pa ulendo umodzi. Ndi bwino kupitako katatu kusiyana ndi kumutopetsa munthu tsiku limodzi, ndipo mudzaona kuti pa ulendo wachiwiri adzakhala atakusungirani zimene anakumbukira inu mutachoka. Ngati ali ndi mphamvu, yendani nawo m'misewu pang'onopang'ono, chifukwa mapazi amakumbukira zimene mutu unaiwala.

Njira imeneyi ndi yovomerezeka ngakhale kwa akatswiri. Katswiri wa mbiri yakale Allan Nevins anayambitsa ntchito yojambula zokumbukira za anthu pa yunivesite ya Columbia, ku United States, mu 1948, ndipo kuyambira pamenepo mawu a pakamwa akhala akusungidwa m'malaibulale limodzi ndi mabuku. Kwa ife amene tinakula tikumva kuti mawu a akulu akoma akagonera, palibe chachilendo pamenepa.

Chenjerani ndi msampha umodzi umene ambiri amagweramo, wongofunsa eni nyumba okha, makamaka abambo amene anakhalapo m'makomiti. Dera silikhala la eni mapuloti okha. Muli anthu a lendi amene akhalamo zaka 30 akusamuka nyumba ndi nyumba, ndipo amalidziwa kuposa landilodi wokhala kutali. Muli amayi amene ankatsala masana onse pamene ena ali kuntchito, ndipo ndiwo anaona zonse. Muli alonda, antchito a m'nyumba, amisiri amene anamanga theka la nyumbazo, ogulitsa pamsika, aphunzitsi opuma ndi azamba. Koposa zonse, funani anthu amene analipo derali lisanabadwe, amene minda yawo ndi msipu wa ziweto zawo zinasanduka mapuloti. Kawirikawiri amakhala chapafupi, ndipo nkhani yawo ndi imene imasiyidwa chifukwa siikometsa aliyense. Mbiri yoyambira pa nyumba yoyamba ya njerwa, ngati kuti kale kunali chipululu, ndi yonama.

Zikalata ndi mapu

Mukacheza ndi anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, mudzakhala ndi mafunso oti mupite nawo ku zikalata. Yambani ndi za m'nyumba: zikalata za umwini wa malo, malisiti a lendi, bilu yoyamba ya madzi, makalata ochokera ku khonsolo, zithunzi za ukwati. Pa zithunzi, musamangoyang'ana nkhope. Yang'anani kumbuyo kwa anthuwo, kumene kumaoneka phiri lisanadzaze nyumba kapena msewu usanakulitsidwe. Kenako pitani ku sukulu yakale kwambiri m'deralo mukapemphe kuona kaundula wolembera ana, chifukwa amasonyeza chaka chimene mabanja anachuluka ndiponso kumene ankachokera. Nyumba zopemphereramo nazonso zimasunga makaundula a maukwati ndi maliro, ndipo makomiti a chitetezo, a madzi kapena a chitukuko amakhala ndi makope a zokambirana zawo.

Zikalata za malo muziwerenge mpaka kumapeto, ngakhale mawu ang'onoang'ono a pansi. M'mapangano oyambirira a nyumba za ku Levittown munali ndime yoletsa anthu osakhala azungu kukhalamo, kupatula antchito a m'nyumba. Khoti lalikulu la dziko la United States linagamula mu 1948 kuti makhoti sangakakamize anthu kutsatira ndime zotere, koma tsankholo linapitirira m'njira zina kwa zaka zambiri. Amene angangomva zokumbukira za okhalamo oyamba angamve za misewu yabata ndi ana osewera panja. Pepala ndi limene limanena za anthu amene anatsekeredwa kunja. Dera lanu likhoza kukhala ndi ndime zake, zokhudza mtundu wa nyumba yololedwa, ziweto, malonda kapena anthu oyenera kugula, ndipo zimafotokoza chifukwa chake derali likuoneka mmene likuonekeramu.

Mapu ndi zithunzi zojambulidwa m'ndege ndi umboni wamphamvu kwambiri pa nkhani ya kukula kwa dera. Ofesi ya boma yoyeza malo imakhala ndi mapu a zaka zosiyanasiyana, ndipo mukaika awiri pambali pa linzake mudzaona dambo likusanduka mizere ya nyumba. Kwa mayiko ambiri amene ankalamulidwa ndi Britain, bungwe loyeza malo limene linakhazikitsidwa mu 1946, lomwe pambuyo pake linkatchedwa Directorate of Overseas Surveys, linajambula zithunzi zambiri za m'ndege, ndipo lero zimasungidwa ku Edinburgh, ku Scotland. Pa zaka zaposachedwa, pulogalamu ya Google Earth ya pa kompyuta imalola munthu kubwerera m'mbuyo n'kuona zithunzi zakale za malo omwewo. Nyuzipepala zakale za ku laibulale zili ndi zotsatsa mapuloti ndi makalata a anthu odandaula za madzi ndi misewu, ndipo malipoti a kalembera wa anthu, amene m'mayiko ambiri amachitika pakatha zaka khumi zilizonse, amakupatsani chiwerengero chodalirika.

Pamene pakamwa ndi pepala zatsutsana

Zidzatsutsana ndithu. Agogo adzati sukulu inatsegulidwa chaka china, mwala wa pakhoma udzanena chaka china. Musathamangire kunena kuti mkuluyo walakwa, chifukwa mwina ana anayamba kuphunzirira pansi pa mtengo zaka ziwiri nduna isanabwere kudzadula riboni, ndipo onse awiri akunena zoona. Lembani zonse ziwiri, ndipo pa mfundo iliyonse sonyezani amene anakuuzani kapena chikalata chimene munaiona. Chimene mwamva kwa munthu mmodzi yekha chilembedwe kuti ndi zokumbukira za munthuyo, osati ngati chinthu chotsimikizika.

Pali nkhani zina zimene muyenera kuzigwira ngati dzira. Mikangano ya malire a mapuloti, milandu ya chuma cha masiye, mphekesera za amene anaba ndalama za komiti, zonsezi zidzatuluka pocheza, ndipo ena adzafuna kuti kope lanu likhale mboni yawo. Inu si bwalo la milandu. Mukhoza kulemba kuti panali mkangano pa za malo a msika ndi mmene unathera, popanda kupaka matope munthu amene ana ake akukhala nyumba yachitatu kuchokera kwanu. Koma kusamala kumeneku kusasanduke kubisa. Ngati anthu anathamangitsidwa, ngati nyumba zinagwetsedwa, ngati madzi osefukira anapha anthu chifukwa ngalande sizinakumbidwe, zimenezo zilembedwe momveka.

Lembaninso za lero

Moyo wa lero ndi mbiri ya mawa, ndipo ndi wosavuta kuusunga panopa. Sankhani malo asanu, monga pokwerera basi, pamsika, pabwalo la mpira, pamlatho ndi pakona ya msewu wanu, ndipo muziwajambula chaka chilichonse mwezi womwewo, mutaima pamalo omwewo. Lembani magulu amene alipo, amakumana liti, ndipo amathandizana bwanji pakagwa zovuta. Lembani nthawi imene anthu amanyamuka m'mawa ndi maola amene amatha panjira, chifukwa moyo wa dera la m'mphepete mwa mzinda umayendera ulendo umenewo. Zokambirana zambiri zimene kale zinkalembedwa m'makope a komiti masiku ano zimachitikira m'magulu a WhatsApp, ndipo foni ikatayika zimapita nayo. Pemphani mlembi kuti zigamulo zikuluzikulu azizilemba papepala. Ana asukulu apatseni ntchito yojambula mapu a njira yawo yopita kusukulu. Amaika zinthu zimene wamkulu sangaziganizire, monga nyumba ya galu wolusa ndi mtengo umene amabisalapo mvula.

Kusunga zimene mwapeza

Chikalata kapena chithunzi cha munthu musachoke nacho ngati pali njira ina. Chijambuleni pomwepo pa kuwala kwa masana, kapena bwerani ndi sikana, makina okopera mapepala n'kuwalowetsa mu kompyuta. Pa sikanayo, mapepala ajambuleni pa 300 dpi (muyeso wa mmene chithunzi chidzaonekere bwino), ndipo zithunzi zing'onozing'ono pa 600 dpi kuti zidzathe kukulitsidwa. Ngati mwabwereka, lembani m'kope, ndipo mubweze pa tsiku limene munalonjeza, chifukwa chithunzi chimodzi chikasowa m'manja mwanu zitseko zonse za m'deralo zidzakutsekekerani. Kumbuyo kwa zithunzi lembani ndi pensulo yofewa, osati bolopeni. Musamate mapepala akale ndi selotepi, ndipo musawakute ndi pulasitiki yowotcha, chifukwa zimenezi sizichotseka ndipo zimawononga pepala. Malisiti a masiku ano a pepala loterera amafufutika pakapita nthawi yochepa, choncho ajambuleni msanga. Makaseti akale a mawu ndi a vidiyo nawonso amawonongeka, ndipo makina owaseweretsa akusowa, kotero asamutsireni pa kompyuta mukangowapeza.

Fayilo iliyonse ikhale ndi dzina loyamba ndi chaka, mwezi ndi tsiku, kenako mutu wake. Sungani makope atatu a chilichonse, pa zipangizo ziwiri zosiyana, ndipo kope limodzi likhale kunyumba ina kapena pa intaneti. Mawu ojambulidwa alembeni papepala m'chilankhulo chimene munthuyo analankhula, mmene anayankhulira, osawakongoletsa. Ntchito imeneyi ndi yotopetsa, ola limodzi la mawu limatha kudya maola asanu kapena kuposa, ndipo ndi pamene magulu ambiri amafookera. Gawanani, chifukwa mutu umodzi susenza denga, ndipo lembani kucheza kulikonse sabata yomweyo musanapite kwa munthu wina.

Ibwezeni kwa eni ake

Musadikire kuti mumalize buku. Pakatha miyezi ingapo, itanani anthu ku holo ya sukulu kapena pabwalo, ndipo muwaonetse zimene mwapeza. Pali njira imodzi imene ndimaikonda kwambiri. Ku Cape Town, dera la District Six linalengezedwa kuti ndi la azungu okha mu 1966, ndipo anthu oposa 60,000 anachotsedwamo n'kutumizidwa kumadera akutali a kunja kwa mzinda. Nyumba yosungiramo mbiri ya derali itatsegulidwa mu 1994, pansi pake panayalidwa mapu aakulu a misewu yakale, ndipo anthu amene ankakhalamo ankagwada n'kulemba mayina a mabanja awo pamene panali nyumba zawo. Inunso lumikizani mapepala aakulu, jambulani misewu ya kwanu, ikani zolembera pambali, ndipo mulole anthu alembe okha amene ankakhala pati, pamene panali mpopi woyamba, pamene panali dziwe losambiramo ana. Adzatsutsana, adzakonzana, ndipo wina amene anakana kucheza nanu adzatenga cholembera chifukwa sangapirire kuona dzina la mnansi wake litaikidwa pa puloti yolakwika. Pakhale munthu mmodzi wongolemba zimene zikunenedwa m'mbali mwa mapuwo.

Zokonza zonse za tsikulo zilowe m'zolemba zanu, ndipo aliyense amene munamujambula alandire kope la mawu ake, kapena lipite kwa ana ake ngati iye anatisiya. Pomaliza, pezani nyumba yokhazikika yosungiramo zonsezi, monga laibulale, sukulu kapena nyumba ya boma yosungira zolemba zakale, ndipo mulembe pangano losonyeza zimene zili zotseguka kwa aliyense ndi zimene eni ake anapempha kuti zidikire. Mapu aja a pansi apindeni mozungulira, musawathyole, lembani tsiku pakona pake, ndipo muwatulutsenso pa msonkhano wa chaka chamawa kuti obwera kumene adzalembepo mayina awo.